Ulusi Uyambe Waona Madzi Usanaone Singano

Ntchito yoluka zovala imakhala ndi nyengo yake ku Chamama, m'dera la Mfumu Yaikulu Wimbe chakum'mawa kwa boma la Kasungu, ndipo nyengoyo imatsata fodya monga zimachitira zinthu zambiri za m'deralo. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kuyamba ulendo wa ku okushoni ya Chinkhoma, ndalama zimayamba kuoneka m'manja mwa anthu, ntchito za kumunda zimapepuka, komanso chisanu cha Juni ndi Julayi chimakhala chili pakhomo, popeza chidikha cha Kasungu n'chokwera mamita opitirira 1,000 ndipo m'mamawa mwa miyezi imeneyi mumazizira kwambiri. Ndi pa nthawi imeneyi pamene amayi amatulutsa masingano awo, ena ogula m'sitolo ndipo ena osongoledwa kuchokera ku masipoko a njinga, n'kuyamba kuluka majuzi a ana a sukulu, zipewa, masokosi, mashawelo a makanda ndi madoilo oyala pa mipando.

Madandaulo amene amamveka kawirikawiri pakati pa oluka ndi awiri, ndipo onse amayambira pa madzi. Loyamba ndi la kusuluka, mawu amene m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku amaphatikiza zinthu ziwiri zoyenera kusiyanitsidwa: pali kusuluka kwa pang'onopang'ono kumene kumabwera ndi dzuwa komanso kukalamba kwa chovala, ndipo pali kusuluka kwa tsiku limodzi, pamene utoto umachoka mu ulusi n'kulowa m'madzi ochapira, kenaka n'kukakhazikika pa mtundu wina woyandikana nawo. Kusuluka kwachiwiriku ndiko kumapweteka mtima, chifukwa shawelo yoyera ya m'mphepete mofiira, imene yadya milungu itatu ya kuluka madzulo aliwonse, imatha kutuluka m'beseni loyamba ili ndi mathothomathotho ofiirira amene sopo aliyense amawalephera. Dandaulo lachiwiri ndi la kupiringizana, ndipo limagwera makamaka munthu amene anamva kuti ulusi uyenera kuchapidwa usanalukidwe, iye n'kungouponya m'madzi momwe anaugulira, pouvuula n'kupeza chisa cha mbalame chopanda mutu ndi mchira. Mavuto awiriwa amakokana, pakuti mankhwala a vuto loyamba ndiwo amabala lachiwiri, pokhapokha ulusi utakonzedwa bwino usanakhudze madzi.

Pofuna kumvetsa chifukwa chimene ulusi wina umasuluka pamene wina susuluka, m'pofunika kuyamba ndi chimene unapangidwa nacho. Anthu ambiri amatchula ulusi uliwonse wolukira kuti wulu, dzina limene kwenikweni limatanthauza ubweya wa nkhosa, koma ulusi wochuluka wa m'magolosale ndi m'misika ya kumidzi ulibe ubweya ngakhale pang'ono. Nkhosa za makolo za m'Malawi muno ndi za nyama, za tsitsi lalifupi losapoteka, kotero kuti ubweya weniweni umafika makamaka kudzera m'majuzi a pa kaunjika. Umene umadzaza mashelefu ndi akiriliki, ulusi wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, umene ndi mbale wake wa pulasitiki, ndipo kampani ya DuPont ya ku America inayamba kuugulitsa mu 1950 pa dzina la Orlon. Ulusi wachitatu ndi wa thonje, umene oluka madoilo amaukonda, ndipo ndiwo uli ndi mbiri yakale m'dziko muno, pakuti David Livingstone atafika m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawozawo. Ngati pepala lokulunga mpukutu latayika, lawi la machesi limathetsa mkangano: kachidutswa ka thonje kamayaka msanga ndi fungo la pepala n'kusiya phulusa lopepuka lotuwa, ubweya umanyeka monyinyirika ndi fungo lija limamveka powaula nkhuku ndipo khala lake limafumbutuka likatsinidwa, pamene akiriliki amasungunuka n'kusiya kachibulumwa kakuda kolimba.

Utoto wa ulusi wa masiku ano pafupifupi wonse ndi wopangidwa ndi akatswiri a mankhwala, ntchito imene inayamba mu 1856 pamene William Henry Perkin, mnyamata wa zaka 18 wa ku London, anatulukira mwangozi utoto wapepo kuchokera ku phula la malasha. Mtundu uliwonse wa ulusi uli ndi utoto woumvera, ndipo kagwiridwe kake kamasiyana. Akiriliki amanyikidwa mu utoto pa madzi otsala pang'ono kuwira, pamene timipata ta m'kati mwa ulusi timatseguka, ndipo ukazizira timatsekeka utoto uli m'kati, n'chifukwa chake akiriliki wabwino sasuluka kawirikawiri m'madzi ozizira kapena ofunda. Ubweya umagwira utoto wake m'madzi otentha owawasa, ndiye kuti madzi amene athiridwa asidi wa mtundu wa viniga, ndipo chimene chimamasula utotowo ndi mphamvu yotsutsana ndi kuwawasa, imene akatswiri amaitcha alikali, yomwe mayi aliyense wophika therere amaidziwa mu chidulo ndi soda. Sopo wa ufa ndi sopo wolimba wochapira ali ndi mphamvu ya chidulo imeneyi, ndipo ndicho chifukwa juzi ya ubweya imene inakhala zaka osasuluka imatha kudetsa madzi tsiku limene yakumana ndi sopo wamphamvu.

Thonje ndilo lili ndi nkhani yaitali. Utoto wotsika mtengo wa thonje, umene woyamba wake unali wofiira wotchedwa Congo red wa m'zaka za m'ma 1880, umangomatirira pa ulusi popanda kumangika, ndipo umapitiriza kuchoka pang'onopang'ono nthawi iliyonse chovala chikachapidwa. Mu 1956 kampani ya ICI ya ku Britain inatulutsa utoto wa Procion, umene umalumikizana ndi thonje n'kukhala chinthu chimodzi nalo, koma ngakhale umenewu sugwira wonse, chifukwa mwa magawo khumi alionse, gawo limodzi mpaka anayi limalumikizana ndi madzi m'malo mwa thonje n'kungotsalira pamwamba. Fakitale imayenera kutsuka utoto wotsalawu ndi madzi ambiri otentha, ntchito imene imadya nthawi, magetsi ndi ndalama, ndipo wopanga ulusi wotchipa amadula njira pomwepa popeza wogula sangaone ndi maso kuti ntchitoyi inasiyidwa pakati. Mitundu yozama, monga yofiira, yakuda ndi ya buluu wodera, imafuna utoto wochuluka, motero zotsalira zakenso zimachuluka. Apa pali mfundo yotonthoza amene amaopa kuti kuchapa kuzimitsa mtundu wa ulusi wawo: utoto umene umadetsa madzi a m'beseni loyamba nthawi zambiri si umene unagwira ulusi, koma umene unangogona pamwamba podikira madzi oyamba, ndipo funso limangokhala lakuti madziwo aupeza ulusi uli wokha kapena utalukidwa kale limodzi ndi woyera.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti mchere umaletsa nsalu kusuluka, ndipo ambiri amanyika chitenje chatsopano m'madzi a mchere asanachivale. Chikhulupirirochi chili ndi poyambira, chifukwa m'fakitale mchere umathiridwadi m'madzi a utoto kuti ukankhire utotowo pa thonje, ndiponso m'beseni umachepetsa utoto umene ukuchoka pa nthawi imeneyo, koma sumanga utoto wotsalira, ndipo tsiku lochapa popanda mchere kusuluka kumabwereranso. Viniga naye ali ndi malo ake opapatiza: amathandiza pa ubweya, makamaka ukatenthetsedwa pang'onopang'ono m'madzi owawasawo, koma pa thonje ndi pa akiriliki ndi kungotaya ndalama. Chimene chimachotsa utoto wotsalira ndi madzi osinthidwa kangapo, basi.

Si ulusi wonse umene umafunika kuchapidwa, ndipo woluka wanzeru amayamba wayesa. Amadula kachidutswa kotalika ngati chikhatho kuchokera pa mpukutu uliwonse wa mtundu wozama, amakanyika m'kapu ya madzi ofunda a sopo yemweyo amene adzachapire chovalacho, ndipo pakapita theka la ola amakavuula n'kukafinyira pakati pa kansanza koyera ka thonje, n'kukasiya momwemo mpaka kaume. Madzi akakhala oyera ndipo kansanza kakapanda chizindikiro, ulusiwo ungathe kulukidwa momwe ulili. Kayesedwe kameneka n'kofanana ndi kamene mafakitale amachita potsata miyezo ya bungwe la ISO, pamene nsalu ya utoto imasokedwa pa nsalu yoyera, n'kuchapidwa, kenaka kudetsedwa kwa nsalu yoyerayo n'kupatsidwa nambala kuyambira 1, yomwe ndi yoipitsitsa, mpaka 5. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Chamama amagwiritsa kapu ndi maso ake.

Ulusi umene walephera mayeso suyenera kulowa m'madzi uli mpukutu. Mpukutu wa magalamu 50 kapena 100 umakhala wothinana moti madzi sadutsamo bwino, utoto wa m'kati sutuluka, ndipo poyanika kunja kumauma m'kati muli chinyontho, n'kuchita chuku chonga chimene mlimi wa fodya amachiopa m'belo lodindidwa masamba asanaume. Komanso mpukutu ukanyowa umagumuka. Ulusi, monga chingwe cha khonje chopotedwa pa ntchafu, ndi tizingwe tiwiri, titatu kapena tinayi topotedwa pamodzi, ndipo kupotako kumasiya mphamvu imene imafuna kudzimasula. Ukangolekereredwa m'madzi umadzipinda wokha, mzere wina n'kulowa m'diso la unzake, ndipo dzanja likautakasa maso amenewo amasanduka mfundo.

Njira yake ndi kuumasula n'kuukulunga mozungulira mwa bwalo lalikulu, limene lingatchedwe nkhata chifukwa limafanana ndi nkhata yosenzera, kungoti ndi lotakasuka ndi lotambalala. Mpando umagadamitsidwa miyendo m'mwamba, kapena mwana amaimitsidwa atatambasula mikono, ndipo ulusi umazungulizidwa pa miyendo inayi ya mpandowo mzere pambali pa mzere, osaukoka kwambiri, mpaka mpukutu utatha, bwalo lonse likumakhala la mita imodzi ndi theka kapena awiri. Nsonga yoyamba ndi yomaliza zimamangidwa pamodzi pamalo ooneka, kuti tsiku lokulunganso zisachite kufufuzidwa. Kenaka, nkhatayo isanachotsedwe pa mpando, imamangidwa malo anayi kapena kuposa ndi tizingwe toyera. Kamangidwe kake n'kofunika kukayang'anitsitsa: chala chimagawa mtolo wa ulusi pawiri, kachingwe kamalowa pakati, kamazungulira gawo la m'mwamba, kamabwereranso pakati n'kuzungulira gawo la m'munsi, kotero kuti kamalemba nambala 8, ndipo mfundo yake imamangidwa motakasuka moti zala ziwiri zimalowa pansi pake. Kachingwe kakathina, madzi safika pamalopo ndipo ulusi umatuluka uli ndi mawanga a utoto wosatsukika. Kakakhala ka mtundu wina, kamatha kusulukira pa ulusi umene kanayenera kuuteteza. Mphindi khumi za ntchito imeneyi ndizo zimasiyanitsa nkhata yobwerera bwinobwino pa mpando ndi chisa chija chodya tsiku lathunthu kumasula.

Pochapa, mtundu uliwonse umalowa m'beseni lakelake, ndipo beseni kapena ndowa yake isakhale yophikira kapena yotungira madzi akumwa. Nkhata imagonekedwa m'madzi n'kukanikizidwa ndi chikhatho kuti mpweya utuluke, kenaka imasiyidwa mphindi 15 kapena 20 popanda kuipikicha, kuitikita kapena kuimenyetsa pa mwala monga amachitira ndi zovala za kumunda. Thonje limapirira madzi otentha ndi sopo, ndipo kutenthako kumathandiza kutulutsa utoto wotsalira komanso kulifupikitsa lisanalukidwe, popeza thonje limabwerera likachapidwa koyamba ndipo chipewa cholukidwa ndi thonje losachapa chimatha kudzakana mutu wa mwini wake. Akiriliki amafuna madzi ofunda chabe, a madigiri 30 kapena 40 monga mapepala ambiri amalembera m'kachithunzi ka beseni, chifukwa madzi owira kapena simbi yotentha imamufewetsa n'kumusiya wolendewera mpaka kalekale. Ubweya ndiwo wosachedwa kukwiya. Tsitsi lililonse la nkhosa lili ndi timamba tonga ta nsomba, ndipo kutentha, sopo ndi kutakasa zikakumana, timambato timakolana, ulusi n'kugwirana kukhala chinthu chimodzi cholimba ngati bulangete, chimene sichimasulikanso. N'chifukwa chake ubweya umachapidwa ndi sopo wofatsa pang'ono, monga wamadzi wotsukira mbale kapena shampu, ndipo madzi otsukuluzira amayenera kufunda mofanana ndi ochapira. Jiki asayandikire ubweya, pakuti amausungunula.

Madzi enieniwo ali ndi mbali yawo pa nkhaniyi. Madzi a pa mjigo ndi a pa chitsime amadutsa m'miyala, ndipo malo ena amanyamula laimu amene amalimbana ndi sopo wolimba n'kusiya litsiro lotuwa lomata pa ulusi, kapena chitsulo chimene chimasiya dzimbiri pa ulusi woyera. A m'dambo nawo amanyamula dothi la katondo limene limadziwika ndi aliyense amene anayesapo kusunga malaya oyera m'derali. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa, koma nyengo yoluka imafika mvula itasiya, choncho chotheka n'kusiya madzi m'ndowa usiku wonse kuti zonyansa zidikhe, m'mawa n'kutsanula a pamwamba okha. Posintha madzi, nkhata imanyamulidwa pogwira pa kachingwe kamodzi, dzanja lina likuichirikiza pansi, ndipo madzi atsopano amathiridwa m'beseni ulusi uli kunja, chifukwa madzi ogwera pa ulusi kuchokera m'mwamba amausokoneza mofanana ndi dzanja. Kutsukuluza kumabwerezedwa kufikira madzi atayera, ndipo madzi a utoto amatayidwa kutali ndi chitsime, mjigo ndi dimba la ndiwo.

Nkhata yonyowa siyenera kupotokoledwa ngati chitenje. Imafinyidwa pokanikiza ndi manja, imakulungidwa m'thawulo lakale n'kupondedwa kuti madzi alowe m'thawulomo, kenaka woluka amalowetsa mikono yonse iwiri m'bwalo lija n'kuikankhira kunja mwamphamvu kawiri kapena katatu, mizere yonse n'kuwongoka. Imayanikidwa pamthunzi podutsa mphepo, itapachikidwa pa nsungwi yosalala osati pa waya wa dzimbiri, ndipo imasunthidwa nthawi ndi nthawi kuti madzi asamangotsikira mbali imodzi. Ku Chamama malo okopa kwambiri pa ntchitoyi ndi chigafa, chifukwa chinamangidwira zomwezo, mthunzi ndi mphepo, koma apa m'poyenera kusamala kawiri. Fungo ndi phula la fodya zimalowa mu ulusi wonyowa, zomwe n'zosayenera pa chovala cha khanda. Komanso, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa banja lodalira fodya, akiriliki ndi pulasitiki, pamene ogula fodya amabweza belo limene lapezeka ndi zinthu zosakhala fodya monga tizingwe ta matumba, nthenga ndi timapepala. Ulusi ungalowe m'chigafa pokhapokha fodya yense atatuluka ndipo mitengo yapukutidwa, ndipo kachidutswa kalikonse kodulidwa katoledwe.

Ulusi wa pa kaunjika uyenera kukambidwa pawokha, chifukwa kwa ambiri ndiwo njira yokhayo yopezera ubweya wabwino pa mtengo wofikirika. Juzi yaikulu imene yang'ambika pa chigongono imatha kubala majuzi awiri a ana, malinga ngati zigawo zake zinalukidwa chilichonse pachokha n'kulumikizidwa, osati kudulidwa ndi lumo kuchokera pa chinsalu cholukidwa ndi makina, chimene chikamasulidwa chimangotulutsa tizidutswa tatifupitifupi. Ulusi womasulidwa umatuluka uli wokhotakhota, wosunga mapindidwe a sitichi zakale, ndipo ukalukidwa choncho chovala chimaoneka chamabampu, muyezo wakenso umasintha chikadzachapidwa. Apa kuchapa kumagwira ntchito zitatu nthawi imodzi, kuchotsa fumbi ndi fungo la m'belo, kuyesa utoto, ndi kuwongola ulusi. Ubweya ndi thonje zimawongoka zikangonyikidwa n'kuyanikidwa, pamene akiriliki amakakamira, ndipo amagonjera nthunzi yokha: nkhata imagwiridwa motambasula pamwamba pa mphika wa madzi owira, patali moti dzanja likupirira, n'kumaisuntha pang'onopang'ono. Ena amamangirira mwala kunsi kwa nkhata kuti iwongoke msanga, koma kulemerako kumakoka ulusi kupitirira muyezo wake, ndipo umadzabwerera chovala chitatha kale.

Zambiri mwa zolukidwa m'midzi ndi za makanda, ndipo chipewa cha khanda si chokongoletsera chabe. Lipoti la Born Too Soon, limene bungwe la WHO ndi mabungwe anzake anatulutsa mu 2012, linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 alionse, ndipo njira ya kangaru yosamalira ana otere, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 n'kufika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imafuna kuti mwana agone pachifuwa pa mayi ake atavala chipewa, popeza mutu wa khanda umataya kutentha kwambiri. Khungu la mwana wotere ndi lopyapyala, thukuta ndi mkaka zimanyowetsa chovala chake kangapo pa tsiku, ndipo chimachapidwa pafupipafupi kuposa chovala china chilichonse m'nyumba. Pa zovala zimenezi ndi bwino kuti ulusi kapena chovala chomalizidwa chichapidwe chisanavekedwe, kaya mayeso a kapu aonetsa utoto kaya ayi, chifukwa ulusi umabwera ndi mafuta a m'makina opotera komanso fumbi la pamsika.

Nkhata ikauma mpaka m'kati, zomwe m'chisanu zimatenga masiku awiri kapena atatu, imabwezeredwa pa miyendo ya mpando uja isanadulidwe tizingwe, chifukwa nkhata yomasulidwa ili pa mphasa imapiringizana ngakhale ili youma. Nsonga zija zimamasulidwa, imodzi imayamba kukulungidwa pa chitsononkho cha chimanga kapena pa zala zitatu, ndipo mpukutu umakulungidwa mofewa, zala zikumalowetsedwa pansi pa ulusi nthawi ndi nthawi kuti usathine n'kutaya kufutukuka kwake. Mipukutu yonse ya mtundu umodzi yopita pa chovala chimodzi iyenera kuchapidwa mofanana, apo ayi mzere umadzaoneka pamene mpukutu wochapa unathera ndi wosachapa unayambira. Pali ulusi wina, makamaka thonje lofiira la utoto wotchipa uja, umene umadetsabe madzi ngakhale utatsukuluzidwa kasanu kapena kasanu n'kamodzi; umenewo sudzasiya, ndipo malo ake ndi pa chinthu cha mtundu umodzi chimene chizichapidwa pachokha, monga chikwama kapena doilo, kutali ndi shawelo yoyera.